Funsani Amayi: "Anandichititsa manyazi ku kwaya, ndasiya kupita kutchalitchi"

FUNSO

Zikomo Amayi,

Ndine mayi wa zaka 34, wa ana awiri, ndipo ndaimba m'kwaya ya mpingo wathu kwa zaka 9. Tsiku lina tikuphunzira nyimbo yatsopano, bambo wotsogolera kwaya anaimitsa nyimbo pakati n'kundiloza chala pamaso pa anthu onse, amvekere: "Inu ndi amene mukutiwonongera nyimbo, kaimeni kumbuyo uko." Anthu anaseka. Ndinakaimadi kumbuyo, misozi ikulengeza m'maso. Patangopita milungu iwiri ndinadwala mpaka kugonekedwa m'chipatala masiku 10, koma wa kwaya amene anabwera kudzandizonda anali mmodzi yekha. Kuchokera pamenepo ndatha miyezi inayi osaponda kutchalitchi. Ndikangomva nyimbo ija, mtima umandiwawa ngati zachitika dzulo. Mnzanga akuti Mkhristu weniweni sakhumudwa, ndiye kuti chikhulupiriro changa n'chochepa. Kodi n'zoona? Nanga ndingatani kuti ndilimbe, mawu a anthu asamandigwetse chonchi?

Wosweka mtima

YANKHO

Mwana wanga, pepani. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Ndiyambe ndi mawu a mnzanuyo, chifukwa akusenzetsani katundu wachiwiri pamwamba pa woyamba. Si zoona kuti Mkhristu weniweni samva kuwawa akanyozedwa. Munthu akakupondani chala, chalacho chimawawa, kaya mumapemphera kaya simupemphera. Mukatsegula Salimo 55, ndime 12 mpaka 14, mupeza Davide akudandaula kuti akanakhala mdani amene akumutonza akanapirira, koma ndi mnzake wapamtima, amene ankatsagana naye popita ku nyumba ya Mulungu. Bala lochokera kwa m'bale wa mumpingo limalowa kwambiri chifukwa kumeneko timapita titavula zida zonse, sitiyembekezera mpeni. Ndipo bambo ajawo analakwa. Kuwongolera woimba ndi ntchito yawo, koma akanatha kukuitanirani pambali nyimbo itatha.

Komabe pali kumva kuwawa, palinso kusunga. Kuwawa kunabwera kokha tsiku lija, simunakuitane. Chimene chikukudyani lero, patatha miyezi inayi, ndi kubwereza mawu aja mumtima, m'mawa ndi usiku. Ndikunena izi chifukwa njira imeneyi ndinaiyendapo.

Ndinaphunzitsa Sande sukulu zaka 14. Pa msonkhano wina wa mpingo, mkulu wina wa mpingo anaimirira n'kunena kuti ana akuchepa m'makalasi chifukwa aphunzitsi ena amangokhalira kukalipa. Dzina sanatchule, koma aphunzitsi tinalipo atatu okha, ndipo maso onse anatembenukira kwa ine. Lamlungu lotsatira ndinabweza kaundula wa ana. Kutchalitchi sindinasiye, koma ndinkafika mochedwa dala, n'kukhala pa benchi yakumapeto, pemphero lomaliza likangotha ine ulendo, kuti ndisagwirane nawo chanza. Zimenezi zinatenga miyezi 11. Usiku uliwonse ndinkazenga mlandu wawo m'mutu mwanga. Wodandaula ndinali ine, mboni ine, woweruza ine ndemwe, ndipo tsiku lililonse ankapezeka olakwa. Tsiku limene ndinalimba mtima n'kukawapeza, bambo aja anadabwa. Mawuwo ankangowakumbukira patalipatali. Iwo ankaganiza kuti ndinasiya kuphunzitsa chifukwa cha matenda a amuna anga, amene nthawi imeneyo ankadwaladi. Anapepesa kuchokera pansi pa mtima. Pobwerera kunyumba ndinkawerenga miyezi ija m'zala, ndikuganiza za ana amene anadutsa kalasi yanga ine kulibe. Miyezi yonseyo bambo aja ankagona tulo tabwino. Wochezera usiku ndinali ine.

Chimene chinanditengera nthawi yaitali kuchivomera n'chakuti m'mawu awo munali choonadi. Ndinkakalipadi. Ana ena ankandiopa. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo: uthenga woona ukhoza kutuluka pakamwa posayenera, m'njira yosayenera, pa nthawi yosayenera, n'kukhalabe woona. Choncho ndikufunseni mwachikondi, osati mokuweruzani: kodi mwina tsiku lija mawu anu ankaphonyadi? Ngati ndi choncho, si tchimo, ndiponso sizifafaniza zaka zanu 9. Nyimbo inali yatsopano. Lekanitsani zinthu ziwirizi. Kalankhulidwe kawo kanali koipa, kataye. Ngati munali kanthu koti muphunzirepo, katoleni.

Namani, mkulu wa ankhondo a Aramu, anatsala pang'ono kutaya machiritso ake pa nkhani ngati yomweyi. Pa 2 Mafumu 5 timawerenga kuti anafika pakhomo pa Elisa ndi akavalo ndi magaleta, koma mneneriyo sanatuluke n'komwe. Anangotuma munthu kukamuuza kuti akasambe mu Yordano kasanu ndi kawiri. Namani anapsa mtima. Ankayembekezera kulandiridwa monga munthu wamkulu, ndipo anayamba kuyerekeza Yordano ndi Abana ndi Faripara, mitsinje ya kwawo ku Damasiko. Anatembenuka kuti azipita. Akanapanda antchito ake kumunyengerera, akanabwerera kwawo ulemu wake uli m'manja, khate lake lili pathupi. Inuyo, mwana wanga, munatuluka m'chipatala thupi lili lofooka, nthawi imene munkafunika kwambiri Mawu, nyimbo ndi mapemphero a anzanu, ndipo kukhumudwa kunakutsekerani kunja kwa zonsezo.

Ine m'Baibulo ndimapezamo njira ziwiri zokha zochitira ndi mawu opweteka. Yoyamba ili pa Miyambo 19:11, pamene akuti nzeru zimachedwetsa mkwiyo wa munthu, ndipo ndi ulemerero wake kunyalanyaza cholakwa. Zambiri zimene timachitirana n'zoyenera kungozilola zipite: moni wosayankhidwa, dzina loiwalika pothokoza anthu, nkhope yokwinya ya munthu amene mwina mutu ukumuwawa. Lilime ndi mano zimakhala m'kamwa mmodzi, kulumana sikulephera. Yachiwiri ili pa Mateyu 18:15: m'bale wako akakuchimwira, pita ukamuuze muli awiri. Njira yachitatu, yongoti zii pakamwa koma m'kati moto ukunyeka, yomwetulira poyera koma kampeni kali kumphasa, yosiya utumiki osanena chifukwa, m'Malemba mulibe. Ndiyo imene ine ndinasankha, ndiyo imene mwasankha, ndipo ndiyo imene ambiri timaitcha kupirira. Levitiko 19:17 ndi 18 amaikana poyera: usamude m'bale wako mumtima, umudzudzule mosabisa, usasunge chakukhosi. Mawu otchuka aja akuti uzikonda mnzako monga udzikonda iwe mwini ali kumapeto kwa ndime zomwezo.

Mudziwa bwanji njira yoyenera? Ngati mwapemphera, papita masiku angapo, mwakumana naye munthuyo n'kupatsana moni mtima uli m'malo, ndiye kuti chapita, musachikumbenso. Koma ngati patatha miyezi inayi nyimbo yokha ikukuwawitsani mtima, nkhaniyo sinapite, ndipo siipita yokha. Yanuyi ndi ya Mateyu 18.

Pa kalankhulidwe kake, mphunzitsi wanga ndi Hana. Mayi ameneyu ndimamukonda kwambiri. Anali ku Silo, m'nyumba ya Yehova, akupemphera chamumtima chifukwa cha kusabereka, milomo yokha ikugwedera. Eli wansembe anamuyang'ana n'kumuyesa woledzera, ndipo anamudzudzula kuti asiye vinyo. Taganizani: mayi wosweka kale ndi chitonzo cha mkazi mnzake Penina kunyumba, wathawira kwa Mulungu, kumenekonso mtsogoleri wa chipembedzo akumunamizira uchidakwa. Akanatha kutuluka osadzabweranso, ndipo tonse tikanamumvetsa. Akanathanso kungowerama n'kumeza bodzalo. Sanachite zonsezi. Anayankha mwaulemu, akumutchula Eli kuti mbuye wake, koma momveka bwino: sanamwe kanthu, ndi mkazi wa mtima wachisoni amene akutsanulira moyo wake pamaso pa Yehova, asamuyese mkazi wachabe. Eli anamudalitsa, ndipo 1 Samueli 1:18 akuti nkhope yake sinakhalenso yachisoni. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti mwana amene anadzabereka, Samueli, ataleka kuyamwa, Hana anamupereka m'manja mwa Eli yemweyo. Munthu wosunga mangawa sangapereke mwana wake kwa amene anamunyoza.

Ndiye pitani. Musalembe pa gulu la WhatsApp la kwaya, musatume munthu, musayambe ndi abusa. Apezeni bambowo pa nthawi imene sali pa changu, munene mwachidule, mwina motere: "Bambo, tsiku lija munandiloza pamaso pa anthu ndinachita manyazi kwambiri, ndipo n'chifukwa chake simukundiona. Ngati mawu anga akuphonya ndithandizeni, koma muzindiuzira pambali." Basi. Musawonjezere za chaka chatha kapena zimene ena amanena za iwo. Mwina apepesa ngati mkulu wa mpingo wanga uja. Mwina adziikira kumbuyo. Akatero, Mateyu 18:16 akuti mutenge mmodzi kapena awiri. Koma dziwani kuti ufulu wanu sukudikira kupepesa kwawo. Aroma 12:18 akuti ngati n'kotheka, monga momwe mungathere inuyo, khalani pa mtendere ndi anthu onse. Mbali yanu ndiyo mwafunsidwa, yawo akayankha okha.

Za kuchipatala, ndikumvetsa kuti zinathira mchere pachilonda. Koma kodi onse anamva kuti mwagonekedwa? Ndipo m'zaka 9 zimenezi, ndi angati a m'kwaya amene anadwala inu osakawaona, osati chifukwa chowada, koma ana, ntchito ndi kutopa? Mlaliki 7:21 ndi 22 amatichenjeza kuti tisamaike mtima pa mawu onse amene anthu amanena, pakuti mtima wathu ukudziwa kuti nafenso tinanenapo ena kambirimbiri. Chimodzimodzi ndi kuiwalana. Paulo, ali m'ndende, analembera Timoteo kuti pa mlandu wake woyamba panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaima naye, onse anamusiya. Anapitiriza ndi pempho lakuti zimenezi zisawerengedwe pa iwo, kenako n'kunena kuti Ambuye anaima naye namupatsa mphamvu. Zili pa 2 Timoteo 4:16 ndi 17. Sanabise kuti anamusiya, koma sanawasungire ngongole. Inu munali naye mmodzi. Mwawerenga kwambiri amene sanabwere, muyambe kumuwerenga iyeyo.

Tsopano funso lanu lalikulu, la kulimba. Palibe amene amabadwa nako. Davide yemweyo, ali mnyamata wothawathawa m'chipululu, anatuma anyamata ake kwa Nabala, mwini nkhosa 3,000 ndi mbuzi 1,000, kukapempha thandizo. Nabala anayankha mwachipongwe, kufunsa kuti Davide ndaninso. Davide atamva analamula kuti aliyense amange lupanga, ndipo ananyamuka ndi amuna pafupifupi 400 kukapha mwamuna aliyense wa pakhomopo, chifukwa cha mawu. Anamuletsa panjira ndi Abigayeli, mkazi wa Nabala. Patapita zaka zambiri, akuthawa mwana wake Abisalomu, anafika ku Bahurimu, kumene Simei, wa banja la Sauli, anatuluka akumutukwana, kumugenda miyala ndi kumuwaza fumbi. Abisai, mmodzi wa ankhondo a Davide, anapempha chilolezo choti akamudule mutu. Davide anati amuleke, kapena Yehova adzaona kusautsidwa kwake n'kumubwezera zabwino m'malo mwa matemberero a tsikulo. Munthu ndi yemweyo, chipongwe chachiwirichi n'chachikulu kuposa choyamba, koma lupanga silinasololedwe. Pakati pa 1 Samueli 25 ndi 2 Samueli 16 Davide anali ataphunzira kuti mbiri yake ili m'manja mwa Mulungu, ndipo safunika kuiteteza yekha nthawi iliyonse wina akatsegula pakamwa.

Koma ndisakubisireni ndime ina imene imandiopsa. Pa 1 Mafumu 2:8 ndi 9, Davide ali pafupi kufa, anamukumbukabe Simei, n'kumusiyira Solomo mlandu wake. Dzanja linaleka, koma dzina linakhala mumtima mpaka tsiku lomaliza. Ndikawerenga pamenepo ndimadzifunsa kuti ndi mayina angati amene ine ndikuganiza kuti ndinawamasula koma akadali m'kati. N'chifukwa chake Yesu, Petro atamufunsa ngati kasanu ndi kawiri n'kokwanira, anamupatsa chiwerengero choti munthu sangachisunge m'mutu. Nthawi zina cholakwa chimakhala chimodzi, koma umachikhululukira lero, mawa chabweranso m'maganizo, n'kuchikhululukiranso.

Chimene chinandithandiza ine kwambiri ndi kusiya kuifotokoza nkhani yanga. Ndinali nditaiuza mchemwali wanga, anzanga awiri, ngakhale mlendo amene sankawadziwa n'komwe bambo aja, ndipo ndikaifotokoza inkakula. Miyambo 26:20 akuti popanda nkhuni moto umazima. Aliyense amene ankandiyankha kuti "koma ndiye anakulakwirani" ankandiwonjezera chikuni. Kenako ndinayamba kuwapempherera powatchula dzina. Masiku oyamba pakamwa pankalemera, ndinkangoti Ambuye muwadalitse, mtima usakufuna. Patapita milungu ndinapeza kuti ndikupempherera ana awo ndi ntchito yawo, ndipo n'zovuta kumuzenga mlandu usiku munthu amene wamupempherera m'mawa. Ndinaphunziranso kudzikayikira ndikatopa kapena ndikadwala, chifukwa pamenepo khungu la mtima limapyapyala, mawu wamba amalasa ngati muvi. Masiku otero sindigamula chilichonse chokhudza munthu.

Pansi pa zonsezi pali funso limene muyenera kuliyankha nokha pamaso pa Mulungu: zaka 9 zija munkaimbira ndani? Ine nditadzifunsa za zaka zanga 14 ndinapeza kuti mbali ina ndinkaphunzitsira Ambuye, mbali ina ndinkaphunzitsira kuti anthu azinena kuti mayi uja ndi wodzipereka. Mbali yachiwiriyo ndi imene inavulala pa msonkhano uja. Paulo anauza Akorinto kuti kwa iye n'chinthu chaching'ono kuweruzidwa ndi iwo, ndipo ngakhale iye mwini sadziweruza, womuweruza ndi Ambuye. Petro akuti Yesu ponyozedwa sanabwezere chipongwe, koma anadzipereka kwa Iye woweruza molungama. Munthu amene wakhazikika pamenepo amamvabe kuwawa, koma sagwa, chifukwa chimene waimapo sichili m'kamwa mwa anthu. Mulungu amamva mzere wakumbuyo monga momwe amamvera wakutsogolo.

Lamlungu likubwerali, muimbireni foni mnzanu amene anadzakuzondani uja, mumupemphe kuti mupitire limodzi. Za kuimba muziona pambuyo, mukalankhula ndi bambo aja. Mudzandilembere kuti zinayenda bwanji.

FUNSO

Amayi, amuna anga amanditukwana pafupifupi tsiku lililonse pamaso pa ana, ndipo kawiri konse andimenya. Amayi ena a kumpingo akuti ndisamakhumudwe, ndizingopirira ndi kukhululuka ngati Mkhristu. Kodi ndikulakwa kuti ndatopa?

Mayi wa ana atatu

YANKHO

Simukulakwa, mwana wanga, ndipo zonse zimene ndalemba pamwambapa musaziike pa nkhani yanu ngati kuti ndi imodzi. Kunyalanyaza cholakwa kumene Miyambo ikunena si kulola kuti munthu azikuvulazani. Zanuzi ndi nkhanza. Yesu mwini, atamenyedwa khofi ndi mlonda pamaso pa mkulu wa ansembe, sanangowerama. Anamufunsa kuti ngati walankhula choipa achitire umboni choipacho, koma ngati walankhula bwino akumumenyeranji. Zili pa Yohane 18:22 ndi 23. Paulo ndi Sila atakwapulidwa ku Filipi popanda mlandu, n'kuuzidwa m'mawa mwake kuti azipita, Paulo anakana kutulutsidwa mwakachetechete, anati akuluakulu a mzindawo abwere okha adzawatulutse. Akolose 3:19 akulamula amuna kukonda akazi awo ndi kusawachitira nkhanza. Amene akuswa Mawu m'nyumba mwanu si inu.

Kukhululuka mumtima ndi kudziteteza zimayendera limodzi. Uzani wachibale amene mumamukhulupirira, lero lomwe. Uzani abusa kapena mkulu wa mpingo amene mukudziwa kuti sangakubwezeni ndi mawu akuti pirirani basi. Akakumenyaninso pitani kuchipatala mabala akalembedwe, ndipo kanenani kupolisi, si tchimo. Ngati mukuona kuti moyo wanu kapena wa ana uli pa chiopsezo, chokani kaye mukakhale pamalo otetezeka, zokambirana zichitike muli amoyo. Ana atatuwo akuona zonse, ndipo akuphunzira kuti banja ndi chiyani kuchokera pa zimene akuonazo.

FUNSO

Amayi, ine ndine mnyamata wosabisa mawu. Ndikaona cholakwika ndimanena pomwepo. Sabata yatha ndinauza mnzanga wa m'gulu la achinyamata, anthu ali pomwepo, kuti pemphero lake linali lalitali komanso lodzionetsera. Pano sakundilankhula. Kodi vuto si lake, poti Mkhristu sayenera kukhumudwa?

Wonena chilungamo

YANKHO

Mwana wanga, werenganso kalata yoyamba ija, uone miyezi inayi imene mawu a mphindi imodzi anadyera mayi wa ana awiri. Phunziro la kusakhumudwa munthu amadziphunzitsa yekha. Si ndodo yoti uzimenyera ena kenako n'kuwaletsa kulira. Kutalika kwa pemphero unakumva ndi makutu, koma kudzionetsera ndi nkhani ya mumtima, ndipo mtima wa mnzako sunauone. Miyambo 12:18 akuti pali kulankhula kosaganizira kolasa ngati lupanga, koma lilime la anzeru limachiritsa. Aefeso 4:15 akufuna choonadi chonenedwa m'chikondi, ndipo chikondi chikanadikira kuti anthu abalalike.

Pa Mateyu 5:23 ndi 24 Yesu akuti ukafika ndi chopereka chako paguwa n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, usiye choperekacho pomwepo, uyambe wakayanjana naye. Iwe ukudziwa kale kuti ali nawe chifukwa, wandiuza wekha. Usadikire Lamlungu. Kamupeze kwawo mawa, umuuze kuti unalakwa kumuchititsa manyazi pagulu ndi kuweruza mtima wake, ndipo popepesapo usaikepo mawu akuti "koma".